Wapakhoma Kapena Wam'denga?

Lolemba

Kalata ya mwana wathu Filipo yafika. Envulopu yonenepa, masitampa a ku Joni. M'katimo muli masamba awiri a dzanja lake ndi timabuku tiwiri ta zithunzi, tonunkhira ngati sopo watsopano.

Nkhani ndi ya mayi ake. Wamva kuti a Nambewe anakomoka pabalaza Loweruka lija chifukwa cha kutentha. Wamuuza ndani? Ndafunsa. A Nambewe akungosankha mtedza m'lichero, osadzutsa mutu.

Mfundo zake, monga ndazimvera ine:
1. Akufuna kutumiza eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba. Ndisankhe mtundu umodzi mwa iwiri ili m'timabukumo.
2. Aimba lamya ku ofesi ya abusa Lamulungu tikangotuluka m'tchalitchi, ndimuuze yankho.
3. Nyumbayi ikakana makina onse awiri, abwera pa Khirisimasi kudzatisamutsa. Akuti wapeza kale kanyumba ku Lilongwe, pafupi ndi chipatala.

Ku Lilongwe! Ine? Zaka makumi atatu ndi zisanu m'nyumba muno, chiyambire ndili mphunzitsi wamng'ono pa sukulu ya mishoni mpaka kupuma ntchito, mango anga asanu ndi awiri odzala ndi manja anga, manda a mwana wathu woyamba kuseri kwa tchalitchi, ndiye ndikakhale m'kabokosi kumamvera anthu osawadziwa akutsokomola kuseri kwa khoma? Toto. Makina alowa muno, afune asafune.

Koma mzere umodzi ukundizunguza mutu. Akuti: "Bambo, nyumba imene ndikuikumbuka ine inali yozizira ngati mtsuko. Yatani?"

Funso labwino, ndingalipatse mamalikisi onse. Mwanayu anachoka zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, atayankhula zake ku koleji nthawi ija pakamwa pankamangitsa munthu, ndipo sanapondenso ku Mvera kuno. Mwina munthu akakhala kutali zonse za kwawo amazikumbuka zozizira. Kapena dzuwa nalonso lalandira ufulu wa matipate, likuwala mmene likufunira.

Umboni wa lero: kandulo wa pa shelefu wapinda yekha, wawerama ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

A Nambewe awerenga kalatayo katatu. Mawu awo: "Uja amalemba bwino." M'nyumba muno timati "uja" mpaka lero. Chizolowezi basi.

Lachiwiri

Tsiku lophunzira. Magalasi pamphuno, pensulo m'manja, timabuku pa tebulo. Popeza masiku ano chilichonse ndi chisankho, makinawa ndawapatsa maina ngati opikisana.

Woyamba, Wapakhoma. Bokosi loyera, lalitali, lopachika pakhoma m'kati. Ali ndi mnzake wonenepa wokhala panja. Awiriwa amalumikizana ndi kapaipi koboola khoma. Amaziziritsa chipinda chimodzi chokha. Malonjezo ochepa, koma akuoneka woona mtima.

Wachiwiri, Wam'denga. Chimakina chimodzi chobisala m'siling'i, mapaipi akuluakulu ngati matumbo a ng'ombe kukwawa kupita chipinda chilichonse. Iye saoneka, mumangomva mpweya ukutsika. Akulonjeza zipinda zonse, ngakhale pakhonde lam'kati. Akuyankhula ngati wandale weniweni.

Mafunso amene timabukuti sitikuyankha:
- Kutentha kumene achotsa m'nyumba amakutaya kuti? Kwa a neba?
- Kabuku ka Wapakhoma kakuti mnzake wa panja amadontha madzi. Madzi ochokera kuti, popeza palibe amene wathiramo? Akumweka?
- Pa chithunzi pali mayi wachizungu wavala juzi, akuwerenga, galu wagona pa kalipeti. Ngati mapeto ake ndi kuvala juzi, anavutikiranji? Nanga galu akutani m'nyumba?

Ndabwereka chipimo cha kutentha ku sukulu kwathu kwakale. Zotsatira za nthawi ya 2 koloko: pansi pa mango kachingwe kofiira kali pakati. Pabalaza kakwera ngati kakufuna kutulukira pamwamba. Ndabwereza katatu. M'nyumba mukutentha kuposa panja! Dzuwa ndi lomwelo, ndiye dzuwa silolakwa. Ndalichotsa pa mndandanda wa oganiziridwa.

Ndatumiza uthenga kudzera mwa kondakitala wa basi ya ku Salima kwa a Lufeyo, amene amakonza mafiriji ndi maeyakoni m'mahotela kumeneko. Mphwawo ndinamuphunzitsa long'i divishoni ndi bango, sangandikane.

Madzulo, nkhani za pa wailesi. A Nambewe: "Bwanji osangoimeza wailesiyo, mmene mwaikanikizira kukhutumo?" Sindinazindikire. Chizolowezi basi.

Lachitatu

Amayi a mumpingo abwera kudzazonda a Nambewe. Khumi ndi mmodzi. Akhala pabalaza mphindi zisanu, onse atuluka ndi mikeka kupita pansi pa mango, aliyense akudzikupiza ndi buku la nyimbo.

Mwayi sutayidwa. Ndachititsa chisankho. Mbale ziwiri pa benchi, kabuku kamodzi patsogolo pa mbale iliyonse, njere imodzi ya chimanga kwa munthu aliyense. Ndafotokoza mfundo za opikisana onse mosakondera, mphindi makumi anayi.

Zimene ndamva:
"Nanga nsalu zili kuti, aphunzitsi? Kuvota popanda nsalu?"
"Wam'dengayo ngati saoneka, tidziwa bwanji zimene akuchita kumwambako?"
"Ine ndivotera amene aletse magetsi kuzimazima."
"Mphepo yogula imadwalitsa chibayo. Mlamu wanga anaigwira ku banki."

Avota. Tisanawerenge, a Nambewe atulutsa thobwa, onse atembenuka, nkhuku yakwera pa benchi ndi kudya mavoti onse a mbale ziwiri. Ndikulemba dala kuti inali nkhuku yathadzi, yofiira, osati tambala, kuti wina akadzawerenga bukuli asadzati ndimanena zandale.

Chisankho chalephereka.

Koma pali chinthu. Potsanzika, a Nachisale, wamkulu wa onse, amene amayenda ndi ndodo ziwiri, aima pakhomo ndi kusuzumira m'nyumba nthawi yaitali. "Ine ndinkaphunzira kusoka muno kwa dona wa mishoni, ndili mtsikana. Mwezi ngati uno tinkafunda zitenje m'mapewa. Mwaichita chiyani nyumbayi, aphunzitsi?"

Mboni yachiwiri! Ndiye Filipo sakulota. Nyumba ingasinthe khalidwe ngati munthu? Njerwa zimakalamba n'kuyamba kutentha thupi? Malata ndi omwe aja. Mango akula, mthunzi wachuluka, zimenezi zikanathandiza. Sindikumvetsa, ndipo kusamvetsa kumandipweteka kuposa kutentha.

A Nambewe anamva funsolo. Anangotola makapu.

Lachinayi

A Lufeyo afika pa basi ya m'mawa. Ovolosi yabuluu, chikwama cha zitsulo, pensulo pakhutu. Munthu waulemu. Azungulira nyumba kawiri, agogoda apa ndi apo, akuti: "Bambo, makoma ngati amenewa sakumanganso. Tiyambe kumwamba."

Lero ndi tsiku la Wam'denga. Makwerero pakhonde lam'kati, kachitseko ka siling'i ndakatsegula, koyamba kwa ine chichokereni pulezidenti wakale pa mpando. Mayo ine, fungo! Akwera a Lufeyo. Ndakwera nanenso, chifukwa nyumba ndi yanga ndipo ndikufuna kuona kumene matumbo aja adzadutse.

Zopezeka m'siling'i:
- Mileme. Mtundu wonse, agogo ndi adzukulu, atapachikika mwadongosolo kuposa ana a Sitandade 8.
- Ndowe za mileme, zokwana kuthira munda wa fodya.
- Matumba atatu a mtedza wa mbewu a a Nambewe, amene ndinauzidwa chaka chatha kuti anatha.
- Mawaya a magetsi okutidwa ndi nsalu. Nsalu! Makoswe adya theka.
- Chiswe, chili pa ntchito.
- Chitini cha mabisiketi. M'katimo makadi a chipani a zaka zonse zija, omangidwa ndi mphira chaka ndi chaka. Atatuatatu: langa, la a Nambewe, ndi la uja, limene ndinkamugulirabe ngakhale anali kunja, kuti akadzafunsa ndidzati ali pasukulu. Ndatseka chitinicho msanga.

A Lufeyo: "Bambo, matabwawa akungogwirana ndi chisomo. Chimakina chija n'cholemera ngati matumba awiri a chimanga. Komanso mapaipi ake sangadutse pansi pa mitanda iyi pokhapokha tichotse denga lonse."

Ndati mwina akukokomeza. Ndaponda pa thabwa limodzi kuti ndiwaonetse kulimba kwake.

Mwendo wanga wamanzere watulukira kuchipinda chogona, pamwamba penipeni pa bedi. A Nambewe anali pomwepo akupinda zovala. Akuti anazindikira nsapato. Mawu awo kuchokera pansi: "Mukatsika yense mundiuze, ndiike tiyi."

Wam'denga wagwa. Bondo lasupuka, buluku lang'ambika, siling'i ili ndi bowo lokwana mphika.

Watsala Wapakhoma. Kunena zoona ndinkamukonda iyeyu kuyambira pachiyambi.

Lachisanu

Tsiku loipa.

M'mawa tayeza khoma pa zenera. Kunenepa kwake: kuyambira pa chigongono changa mpaka kunsonga kwa zala, n'kuwonjezapo chikhatho. Amishoni aja ankaopa chiyani, njovu?

A Lufeyo alumikiza makina awo oboolera. Alira kamodzi, vwiii, kenako phwa! Fyuzi yapsa. Amanga ina ndi kawaya. Vwiii, phwa! Fungo la nsalu yowauka kuchokera ku siling'i. Tathamanga ndi ndowa. Palibe moto, koma mileme yasamuka masana, nkhuku zonse zabisala.

A Lufeyo afunsa: "Amayi akamasita, babu limatani?" Ndati limafiira pang'ono, ngati likuchita manyazi. Apukusa mutu. Akuti Wapakhoma amadya magetsi kuposa simbi, ndipo amadya tsiku lonse. Mawaya onse a nyumba ayenera kuchotsedwa, mita isinthidwe, akuluakulu a magetsi abwere kudzaona, ndipo amenewo sabwera chaka chomwe mwawaitana.

Tili pa nkhani yomweyo magetsi azima dera lonse. Nthawi: 12 koloko. Abwera 5 koloko, dzuwa litapendeka kale. A Lufeyo: "Kuno amatero kangati?" Amatero nthawi yeniyeni imene kandulo amawerama.

Ndiye kuti ngakhale Wapakhoma atalowa, nthawi ya nkhondo adzakhala ali mtulo.

Masana ndalowa kuchipinda chodyera kufuna madzi. Ndapeza a Nambewe akukulunga makapu athu a ukwati m'manyuzipepala, kuwaika m'katoni. Sakulira, sakudandaula. Akungokulunga, thukuta lili chuchuchu m'khosi. Ndati, "Lamulungu silinafike." Akuti, "Ndikungoyamba ndi zosweka."

Zandilasa mumtima. Ndikuopa. Ndikuopa kusamuka, ndikuopanso kudzawapeza ali gone pansi pabalaza kachiwiri, ulendo uno osadzuka. Filipo sakulakwa. Zimenezi ndiye zikundikwiyitsa kwambiri.

A Lufeyo sataya mtima msanga. Akuti tiboolebe ndi manja, mwina za mawaya zidzakonzeka. Akwera pa mpando, akugogoda khoma ndi chigwiriro cha hamala kufuna pofewa. Gu, gu, gu. Kenako pamwamba, pafupi ndi siling'i: pho, pho. "Bambo, apa pakulira ngati ng'oma. Muli mphako." Asuntha mpando. Gu, gu, pho! "Apanso."



Ndati kwada, tiyi wapsa, tiona mawa.

Loweruka

Tchizulo, hamala, kumenya kanayi kokha. Laimu wagwa, dothi lagwa, a Lufeyo alowetsa dzanja ndi kutulutsa kope la masamu. Sitandade 6. Kope lachiwiri. Kope lachitatu. Onse opindidwa, okanikizidwa zolimba, ochongedwa ndi inki yofiira ya dzanja langa. Kuseri kwake njerwa zoyalidwa motalikirana ngati mano a chipeso, ndi kuwala kwa panja.

A Lufeyo andiyang'ana. Ine ndayang'ana makope.

Chabwino. Ndilembe, popeza bukuli ndi langa.

Sabata imene Filipo anathawa kunabwera anthu awiri a majekete kudzafunsa. Anakhala pabalaza pomwepa. Mmodzi analoza mabowo a m'makomawa, amene nthawiyo anali otsegula, n'kunena moseka kuti, "Nyumba yabwino iyi, aphunzitsi. Munthu ali panjira amamva zonse." Atapita ndinatenga makope akale, dothi la pachulu ndi laimu. Loweruka limodzi ndinatseka onse. Asanu ndi limodzi a pamwamba, asanu ndi limodzi a pansi. Tizenera ta pamwamba pa zitseko ndinatikhomera ndi misomali. Ndinkafuna kumva wailesi ya kunja, mwina angatchule za othawa. Ndinkafuna kuti tikamapemphera tizimutchula. Koma ngakhale nditatseka, sitinamutchule. Tinkati "uja."

Ndinkayesa mabowowo ndi zokongoletsa za azungu. Ndikunena zoona! Chaka chotsatira kutatentha ndinati ndi chilala. Chinacho ndinati ndi ukalamba. Kenako ndinasiya kuganiza za iwo, ndipo laimu wa Khirisimasi iliyonse anandithandiza kuiwala. Mphunzitsi wa sayansi, zaka makumi atatu kuuza ana kuti mpweya wotentha umakwera kumwamba! Ndikanakhala mwana wa m'kalasi mwanga ndikanadzigwaditsa panja.

A Lufeyo sanaseke, Mulungu awadalitse. Akuti: "Bambo, nyumbayi inali ndi eyakoni yake kale. A pansiwa amakoka mphepo ya kumango, a pamwambawa amatulutsa yotentha. Inu munaitseka mphuno ndi pakamwa."

Tatsegula onse khumi ndi awiri. Makope makumi anayi ndi mphambu, chisa cha mavu chimodzi (andiluma pakhutu), misomali yodzaza kapu. Fumbi nyumba yonse.

Cha m'ma 3 koloko katani ya pabalaza yagwedezeka. Yokha. Zenera lili chitsekere. Ndaima n'kumaiyang'ana ngati mwana woona sitima koyamba. Mphepo ikudutsa m'akakolo, ikukwera, ikutuluka. Kachingwe kofiira katsika ndi zala ziwiri, kenako zitatu.

Ndafunsa ngati tsopano Wapakhoma angalowe, popeza bowo lapezeka laulere. A Lufeyo aseka mpaka kukhala pansi. Akuti makinawo amafuna chipinda chotsekeka ndithu. "Ndi mabowo awa mudzakhala mukuziziritsa Dowa yense mpaka ku Ntchisi. Musankhe, bambo: makina kapena mabowo."

Ndiye onse awiri agwa. Ndimuuza chiyani mawa? Mfundo yachitatu ya kalata ikuti nyumba ikakana onse awiri, tisamuke.

A Nambewe akhala pa mpando wawo pabalaza, nthawi imene sakhalapo chiyambire mwezi wa Ogasiti. Ndati, monyadira pang'ono, "Mwaona chimene ndatulukira?"

Akuti: "Ndinakugwirirani makwerero tsiku lija, mwaiwala? Ndimadziwa chaka chilichonse. Ndimadikira kuti musiye kuopa."

Ndapita kukaperekeza a Lufeyo ku basi.

Lamulungu

Ndadzuka ndi chimfine. Chimfine, mu Okutobala! A Nambewe atulutsa bulangete m'sutikesi.

Ulaliki sindinaumve. Ndimabwereza m'mutu zimene ndinalemba pa kapepala: mawu oyamba, mfundo zinayi, mawu omaliza.

Ofesi ya abusa. Chitseko chili chotsegula, akuluampingo atatu akuyerekeza kufunafuna kiyi pakhomo. Lamya yalira. Mawu ake anenepa, akumveka ngati a malemu bambo anga.

"Ndiye mwasankha uti, bambo?"

Ndati palibe. Wam'denga agwetsa denga, Wapakhoma awotcha nyumba.

Akuti: "Basi, yambani kulongedza."

Kapepala kanga kagwa pansi. Ndanena zonse mosatsata ndondomeko: majekete, makope, dothi, misomali, makadi a m'chitini. Mzere wa lamya ndi woipa, ndiye ndimachita kukuwa. Akuluampingo asiya kufuna kiyi. Anthu a panja amva. Zimene ndinabisa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndazilengeza ngati chidziwitso cha maliro.

Ndimayesa lamya yaduka. Kenako akuti: "Bowo limodzi linali pansi pa bedi langa. Ndinkaikapo mapazi."

A Nambewe andilanda lamya. Sanayambe agwirapo lamya moyo wawo wonse, aigwira ndi manja awiri ngati mtondo. "Filipo! Filipo, ndi amako. Sindikupita ku Lilongwe. Makina ako usiye komweko. Ubwere iweyo, Filipo, ndi mkazi wako, ndi mwana. Ubwere ndi juzi."

Anena dzinalo katatu. Ndinawerenga.

Akuti abwera, adzakhala pabalaza 2 koloko masana ndi chipimo chake, adzaweruza yekha. Mwana wa mphunzitsi. Kanyumba ka ku Lilongwe sanakabweze. Ndiye sindinapambane, ndangopatsidwa mayeso obwereza.

Zotsala za sabata ino:
- Eyakoni: palibe.
- Bowo m'siling'i pamwamba pa bedi: lilipo, mleme umodzi wayamba kale kusuzumira.
- Bondo: likuwawa. Khutu: latupa.
- Sefa wa waya wotchinga udzudzu pa mabowo khumi ndi awiri: afunika Lolemba.
- Makapu a ukwati: abwerera pa shelefu, kupatula awiri. A Nambewe akuti awiriwo adikire Khirisimasi, tione.
- Timabuku: tili bwino pokupizira mbaula.

Kumene kutentha kumapita akakuchotsa m'nyumba sindinadziwebe. Ndinaiwala kufunsa.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, ndatsegula wailesi. Khutu layamba kutsetsereka lokha kupita ku wailesiyo. A Nambewe: "Kwezani." Ndakweza. "Kwezaninso." Ndakwezanso, mpaka mawu adzaza nyumba ndi kutulukira m'mabowo onse.

Kenako mapazi panjira. Aima pafupi ndi khoma. Dzanja langa lafika kale pa kabatani ka wailesi.

Mawu a munthu alowera pa bowo la pansi: "Aphunzitsi! Akuti mvula iyamba liti?"

Ndachotsa dzanja. Ndawerama ndi bondo langa lopwetekali, ndamuyankha pa bowo lomwelo kuti sananene, aime pomwepo timvere limodzi.